Gologolo ndi Makoko a Nguluwe

Padangokhala. Amene muli nane nenani kuti tili tonse. Amene mwabwera kudzaseka nkhalamba, khalani chete mumve.

Kunali dziko lina kumene nyama zinkalima mtedza. Mkulu wa dzikolo anali Bwanamkubwa Njobvu, koma ameneyo ankakhala kutali ndipo ambiri ankangomva dzina. Amene ankaoneka tsiku ndi tsiku anali Nyani, kapitawo wake. Nyani ndiye ankayenda ndi chikoti, ndiye ankaweruza milandu, ndiyenso ankalondera mitengo, pakuti mitengo inali itatha. Anaimaliza ndi akuluakulu omwewo, kuotcha makala n'kumakagulitsa. Koma itatsala yowerengeka, lamulo linagwera amphawi: wopezeka ndi nkhwangwa m'tchire, chikoti. Zimatero. Wodya nyama ndi wina, wotsuka mbale ndi wina.

Mlimi wamkulu wa mtedza kumeneko anali Nguluwe. Kusukulu sanapiteko, koma mphuno yake inkaidziwa nthaka. Iye yekha ndiye ankadzala chalimbana, mtedza uja wa makoko akuluakulu okhuthala. Ena onse ankadzala timtedza ta makoko opyapyala. Nguluwe anakwatira mlongo wake wa Nungu, ndipo munda wake unagundana malire ndi munda wa mlamu wakeyo. Ankabwerekana makasu, ankanunkhitsana fodya.

Tsono m'dzikomo munali mwambo. Ukaswa mtedza, makoko sunkawataya kudzala ndipo sunkawatentha. Unkawanyamula m'dengu n'kukawamwaza pamphambano kuti odutsa awaponde. Ankati mapazi akachuluka pa makoko, mtedza udzachulukanso m'nthaka chaka chamawa. Koma woyamba kuponda ankayenera kukhala mnzako amene umamukhulupirira. Makoko a Nguluwe ankayamba kuponda ndi Nungu, a Nungu ankayamba kuponda ndi Nguluwe. Popondapo ankaimba kanyimbo kakafupi, mwini makoko kutsogolera, wopondayo kuvomera. Kanyimboko kankauza mtedza kuti umve mapazi pamwamba pake, usagone, uberekane ngati mapaziwo.

Ndiye kunabwera Gologolo. Ameneyu anali mwana wa m'dziko momwemo, koma anakhalitsa kutauni, kumene ankasesa pafakitale ya anthu. Anabwerako ndi jekete, mchira wopesa bwino, ndi chinsinsi chimodzi. Kufakitaleko anaona kuti makoko si zinyalala. Anthu ankawaotcha mumgolo wotseka mpaka ade bii, n'kuwasinja, n'kusakaniza ndi phala la chinangwa, n'kuumba timibulu, n'kuyanika padzuwa. Timibuluto tinkayaka ngati makala a mtengo. Utsi wa mumgolomo akauziziritsa unkadontha madzi akuda onunkha amene chiswe chimathawa. Makoko ena ankawapera n'kuwamata ndi ulimbo, kukhala matabwa.

Gologolo sanauze aliyense. Anamanga mpanda wautali kuzungulira nyumba yake, anaikamo mgolo ndi mtondo. Anayesa ndi timakoko topyapyala timene anatola m'njira, koma tinangopsa ngati udzu n'kusanduka phulusa. Anaona kuti pafunika makoko okhuthala, ndipo makoko okhuthala anali kwa Nguluwe yekha.

Ulendo woyamba anapita poyera. Anapeza Nguluwe akuswa mtedza pakhonde, makoko ataunjikana pambali. Anapereka moni wautali, anafunsa za mayi a kunyumba, anayamikira zokolola, kenaka anafika pa nkhani.

"Atsibweni, mwakula inu. Makoko awa mundipatse ine, musavutike kunyamula."

"Ukatani nawo?"

"Ndikayale pogona. Msana ukundipweteka."

"Iwe unabadwira panthambi. Msana wayamba liti?"

Gologolo anaseka, Nguluwe sanaseke. Anamuyang'ana kuyambira kujekete mpaka kumchira, nati m'mtima mwake, wopempha zinyalala waona kanthu m'zinyalalamo. Pamenepo anaganiza bwino. Koma kanthu kamene iye anaganizira kanali mankhwala. Anati mwana uyu wakhwimira kutauni, akufuna makoko anga kuti akokere mtedza wanga m'nkhokwe ya wina. Anamuuza kuti anyamuke asanaitane agalu. Madzulo ake anaitana Nungu, anakamwaza makoko pamphambano, wina kutsogolera kanyimbo, wina kuvomera, mpaka makoko onse anaphwanyika pansi pa mapazi.

Ulendo wachiwiri Gologolo anadikira kuti Nguluwe amwaze ena. M'mawa mwake anafika pamphambano ndi thumba, nayamba kusesa ndi mchira, uku akung'ung'udza kanyimbo komweko kuti wodutsa aziyesa akuponda. Thumba lisanadzaze anamva minga ikulira kumbuyo kwake. Anali Nungu. Gologolo anati akukonza msewu chifukwa wamva kuti Bwanamkubwa abwera. Nungu anati Bwanamkubwa sanabwerepo chibadwire chake, ndipo akadzabwera adzaponda makokowo ngati wina aliyense. Anamugwira pakhosi pa jekete n'kupita naye kwa Nguluwe, onse atatu n'kupita kwa Nyani.

Nyani anaweruza msanga chifukwa anali ndi njala. Anati makoko ali pamphambano ndi a mwini wake amene anawamwaza, mpaka mvula idzawaoletse. Palibe angawatenge pokhapokha mwini wake atapereka ndi pakamwa pake. Gologolo analandira zikoti, anakakhuthula thumba pomwe anatolapo.

Mlandu unatha bwino, ndipo zikanathera pomwepo. Koma potuluka pabwalo Nguluwe anatembenukira mlamu wake.

"Mwachita bwino alamu. Koma inu pamphambano m'mamawa choncho mumakatani?"

Nungu anati amapita kumunda, njira yake ndi yomweyo. Nguluwe anati ee, n'zoona, anangofunsa. Gologolo anali kumbuyo akusisita pamene panadutsa chikoti, ndipo funso limenelo analimva. Analitola ngati munthu wotola singano, n'kulisunga.

Ulendo wachitatu sanapite ndi thumba. Anapita ndi fodya wabwino wa kutauni, anakhala pansi patali ndi khonde, mchira uli m'dothi. Anati wabwera kudzapepesa. Anati kuba sanali kuba, amafuna aone kanthu kena pa makokowo, koma si nkhani yoti mwana anene kwa akulu. Nguluwe anati anene. Gologolo anati ayi, angadane ndi anthu. Nguluwe anati anene basi. Anakanizana mpaka fodya anatha theka.

"Wakutsina khutu ndi mnansi, atsibweni. Amayamba kuponda makoko anu ndani?"

"Alamu anga."

"Munayamba mwawayang'anapo kumapazi?"

Gologolo anapitiriza motsitsa mawu. Anati kamunda ka a Nungu n'kakang'ono, koma nkhokwe yawo siitha chaka chonse, zimatheka bwanji? Anati kuli mankhwala ofiira amene munthu amadzola kuphazi, akaponda makoko a mnzake, mtedza wa mnzakeyo umayenda pansi pa nthaka kuwoloka malire. Tsono nkhokwe ya Nungu sinkatha chifukwa Nungu analibe ana ndipo ankadya pang'ono, zimenezi Nguluwe ankazidziwa. Koma mawu oipa akalowa m'khutu amakankha zonse zimene unkadziwa. Nguluwe anafunsa chochita. Gologolo anati adziteteze, amange kachingwe ka khungwa pamwendo tsiku lopondalo, ndipo aziyang'ana mapazi a mlamu wake.

Atachoka pamenepo anazungulira kuseri n'kukafika kwa Nungu. Kumenekonso anapepesa, ananunkhitsa fodya wotsala uja, anakanakana kunena. Kenaka anati a Nguluwe mtedza wawo umakula chotere chifukwa chiyani, pamene nthaka ndi imodzi, mvula ndi imodzi? Anati kuli chithumwa chimene amamanga pamwendo ndi kachingwe ka khungwa. Anati a Nungu adziteteze, adzole katondo kumapazi tsiku lopondalo, ndipo aziyang'ana miyendo ya mlamu wawo.

Tsiku linafika. Awiriwo anakumana pamphambano, aliyense ndi dengu lake. Anapatsana moni maso ali pansi. Nguluwe anaona mapazi ofiira. Nungu anaona kachingwe. Nguluwe anayamba kanyimbo ndi mawu ouma, ndipo pamalo povomera panalibe wovomera. Anabwerezanso, panali zii.

"Alamu, mwadzola chiyani kumapaziko?"

"Muyambe ndinu. Mwamanga chiyani pamwendopo?"

Palibe amene anatchula Gologolo, poti aliyense ankasunga amene anamutsina khutu. Anatukwanizana, anakumbutsana za khasu limene linathyoka kalekale, za mzere wa m'malire umene unasuntha. Nungu anaimitsa minga, Nguluwe anaonetsa mano. Aliyense anatola makoko ake n'kubwerera nawo kunyumba. Mkazi wa Nguluwe atafuna kupita kwa mlongo wake kukafunsa, mwamuna wake anati akapita asabwerenso.

Nkhani inawanda. Ngati alamu akuberana, nanga wongodutsa? Nyama zonse zinaleka kumwaza makoko. Pamphambano panayera. Aliyense ankayenda akuyang'ana mapazi a mnzake, ndipo amene anaponda m'matope ofiira ankadzera kutchire kuopa kunenedwa.

Koma makoko sasiya kubwera munthu akamaswa mtedza. Kudzala sungataye, kutentha sungatenthe, mwambo ukukana. Kwa Nguluwe anadzaza madengu, anadzaza pakhonde, analowa m'nyumba. Chiswe chinamva fungo, chinabwera, chitatha kulawa makoko chinayamba mizati ya nkhokwe. Ndipo makoko osapondedwa ndiye kuti chaka chamawa kulibe mtedza. Nguluwe anaonda ndi maganizo.

Tsiku lina anadzuka ndi nzeru, ndipo anakondwa nayo kwambiri poti inali yakeyake. Anauza mkazi wake kuti wakuba mtedza ndi mankhwala amakokera m'munda mwake. Ndiye woponda wabwino ndi amene alibe munda, alibe nkhokwe. M'dziko lonselo wopanda munda anali mmodzi. Mkazi wake anati ameneyo si yemwe uja munamukwapulitsa? Nguluwe anati akazi sadziwa zinthu.

Nguluwe atakamupempha kuti aziponda makoko ake, Gologolo anakana. Anati mabala a chikoti sanapole. Nguluwe anabweranso mawa lake ndi lichero la mtedza, Gologolo analandira mtedzawo koma anakananso. Anati akagwira makoko amenewo mawa adzamutengeranso kubwalo. Pomaliza anati chabwino, chifukwa cha ulemu wa atsibweni, koma akanene pamaso pa kapitawo. Anapita. Nguluwe anaima pabwalo n'kunena ndi pakamwa pake kuti makoko ake onse, a chaka chino ndi a zaka zikubwerazo, akupereka kwa Gologolo mwa kufuna kwake, palibe wamukakamiza. Nyani anafunsa ngati wamva bwino. Nguluwe anabwereza.

Ananyamula yekha. Nkhalamba yonse ija, dengu pamutu, ulendo ndi ulendo, kukatula pachipata cha mpanda. M'kati sankaloledwa, Gologolo anati phazi la mwini likalowa ntchito iwonongeka. Nguluwe ankaima panja n'kumamvetsera. Ankamva kugunda, di, di, di, ndi mawu a Gologolo akuimba kanyimbo kaja, kutsogolera yekha, kuvomera yekha. Ankagwedeza mutu kuti mwanayu akuponda ndi mtima wonse. Sankadziwa kuti ukugundawo ndi munsi mumtondo. Atafunsa za utsi umene unkatuluka, anauzidwa kuti akufukiza makoko kuchotsa mankhwala a Nungu. Nyama zina zitaona mlimi wamkulu akutero, nazonso zinayamba kutula madengu pachipata.

Kenaka chisanu chinafika, ndipo chaka chimenecho chinali chankhanza. Nkhuni kunalibe. Amene anayesa kuthyola nthambi anakumana ndi chikoti cha Nyani. Mkazi wa Nguluwe anagwidwa chifuwa, ankatsokomola mpaka kugwira khoma.

Pamenepo Gologolo anatulukira pamsika ndi makala achilendo, timibulu tofanana tonse, toyaka nthawi yaitali, topanda utsi wambiri. Anati achokera kutauni, abwera pa lole. Anali ndi mabotolo a madzi akuda othamangitsa chiswe, nawonso ati a kutauni. Mtengo wake sankafuna china koma mtedza, ndipo mtedza wake wosaswa. Mukuona mmene mutu wa kanyama aka unkayendera: mtedza adye, makoko aotchenso.

Nguluwe anakayika, monga mwa khalidwe lake. Ananunkhiza kambulu kamodzi, anafunsa kuti lole yake inadzera njira iti poti palibe anaimva. Gologolo anati atsibweni ngati sakufuna asiye, ogula ndi ambiri. Nguluwe anakumbukira chifuwa cha kunyumba, anagula. Anagulanso botolo, poti nkhokwe inali itayamba kupendama. Makala anayaka bwino, mayi anapezako bwino, makala anatha, anakagulanso. Mtedza wogulitsa unatha. Wakudya unatha. Anayamba kutapa wambewu.

Tsiku lina mkazi wake ankaphwanya kambulu kuti kakwane pambaula. M'kati mwake munali khoko limene silinapse bwino, lokhuthala, la mizere yakuya. Analiika pachikhatho n'kumuonetsa mwamuna wake.

"Bambo, kutauni amalimanso chalimbana wanu?"

Nguluwe analitembenuza khokolo, analinunkhiza. Anaphwanya kambulu kena, anapezamo kachidutswa kena. Kenaka ananyamuka, khoko lili m'manja, ulendo wa kwa kapitawo.

Anapeza Nyani akuwotha pambaula yodzaza ndi timibulu tomweto, atakhala pampando watsopano wa thabwa losalala limene silinachokere ku mtengo uliwonse. Nguluwe anaona mpandowo, anadziwa kuti mlandu watha usanayambe, komabe anafotokoza. Nyani anamvetsera akutembenuza manja pamoto. Anati makoko munapereka nokha, pabwalo pano, ndinakufunsani kawiri. Nguluwe anati anapereka kuti apondedwe, osati aotchedwe, ndipo anapereka chifukwa ananamizidwa za mankhwala. Nyani anati za kuponda sizinanenedwe pabwalo. Za bodzalo, abweretse mboni.

Mboni inali imodzi. Nguluwe anameza manyazi n'kupita kwa mlamu wake. Anaima pabwalo la nyumba, anaodira, anafotokoza zonse, za mapazi ofiira, za kachingwe, za khoko la m'makala. Anati tonse awiri tapusitsidwa ndi kamwana kamodzi, tiyeni tikanene. Nungu anamvetsera ali pakhomo, minga ili chiimire. Iyenso anali atagula makalawo, iyenso nkhokwe yake inali itatsika.

"Ndinkakuonani alamu, tsiku ndi tsiku, dengu pamutu, kupita kumpanda kuja. Munayamba ndinu, ife tinangotsatira. Lero mwakangana pogawana, ndiye mukufuna ine ndikuthandizeni?"

Nguluwe analumbira kuti sanalandireko ngakhale kambulu kamodzi kaulere. Nungu anati wakuba aliyense amalumbira. Anatseka chitseko.

Pasanapite nthawi Nyani anaitanitsa msonkhano. Anati Bwanamkubwa wamva za makala atsopano ndipo wakondwa kwambiri, poti mitengo ipuma. Anati kuyambira tsopano Gologolo ndi kapitawo wa makoko, ndipo khoko lililonse la m'dzikomo lizipita kwa iye. Womwaza pamphambano, chikoti. Nyama zinaomba m'manja, poti chikoticho chinali pomwepo.

Ine sindinama, makalawo anali abwino. Ankayaka, ankafunditsa, ndipo zitsa zinayambadi kuphukira. Chiswe chinkathawadi madzi aja. Nzeruyo inali yabwino, ndipo n'chimene chimawawa. Akanabwera poyera n'kunena kuti akulu, zinyalala zanuzi ndi moto, tiyeni tiotchere limodzi, bwenzi aliyense akuwotha makoko ake. Koma anzeru sabwera choncho. Amabwera ndi fodya, n'kukusiya ukuyang'ana mapazi a m'bale wako. Pamsonkhanopo anatchula Gologolo, anatchula Bwanamkubwa amene sanagwirepo khasu. Amene zala zake zinatupa ndi kuswa mtedza sanatchulidwe.

M'mawa mwake kapitawo watsopano anayamba ntchito, ndipo anayambira kwa Nguluwe. Anafika ndi thumba, jekete yatsopano, akuimba kanyimbo kaja mokweza ngati nkake. Anapeza nkhalamba ili pakhonde ndi dengu limodzi, lotsiriza, mbewu ya chalimbana imene inatsala.

"Atsibweni, mwadzuka bwanji? Iswani msanga, ndili ndi makomo ambiri."

Nguluwe anatapa mtedza wosaswa, anauponya m'kamwa, anatafuna ndi makoko omwe, maso ali pa Gologolo. Anameza. Anatapanso. Mkazi wake anatuluka n'kumugwira mkono, anati bambo imeneyo ndi mbewu, tidzadzala chiyani? Anamuchotsa dzanja pang'onopang'ono n'kupitiriza. Makoko ankamukanda kukhosi, misozi inkatuluka, koma sanaleke mpaka dengu linayera.

Gologolo anaima ndi thumba lake lopanda kanthu. Anati lamulo likuti makoko onse ndi ake.

"Ndi akodi," anatero Nguluwe. "Ubwere mawa m'mawa kuseri kwa nyumba, udzatole."

Mvula itagwa Nguluwe analibe chodzala. Munda wake unamera tchire, mkazi wake anabwerera kwa mlongo wake, ndipo iye analowa m'thengo. N'chifukwa chake mpaka lero nguluwe ilibe munda. Imafukula m'minda ya ena, ndipo ikapeza mtedza siiswa, imatafuna zonse, kuti pasatsale khoko loti wina alemererepo. Mukaipeza m'munda mwanu mumaitcha yakuba. Amene anaiba poyamba ali pamwamba pa mtengo, akupesa mchira.

Nthano yanga yafika pamapeto. Amene munaika mbatata paphulusa kaphuleni, ine yanga anadya ena.